Sopo sachotsa mafuta m'madzi, amangowabisa

Ana anga, lero tipumule kaye nkhani za apongozi ndi za ndalama za m'nyumba. Tikambirane za madzi. Inu amene mumakhala m'mbali mwa mtsinje wa Likangala, kuyambira mumzinda wa Zomba mpaka kumunsi kwa Mfumu Yaikulu Mwambo kumene mtsinjewu umathira m'nyanja ya Chilwa, munaonapo kale timafuta tonyezimira ngati utawaleza tikuyandama pamadzi, pamene wina wangotsuka njinga yamoto kapena wathira petulo mu injini ya boti. Ambiri mukaona zotere mumawazapo sopo waufa, n'kuvundula, utawaleza uja n'kuzimirira. Mtima n'kukhala pansi kuti madzi ayera. Funso langa nali: mafuta aja apita kuti?

Sanapite kulikonse. Akadali m'madzi momwemo, kungoti agawikana kukhala timadontho ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso. Kuti atheretu pamafunika antchito ena amene inu ndi ine sitiwalipira, ngakhale kuwaona kumene. Antchitowo ndi mabakiteriya. Ntchito yawo yafufuzidwa kwambiri kunyanja zikuluzikulu za mchere, kumene sitima ndi zitsime za mafuta zakhala zikuchita ngozi. Ndi kutali, inde, koma phunziro lake likufika mpaka mumphika wanu wa matemba ndi m'beseni limene mumasambitsiramo mwana.

Tizilombo timene timadya mafuta

Mukamva mawu akuti mabakiteriya, maganizo amathamangira ku kolera ndi TB. Amenewo alipodi, ndipo tiziwaopa. Koma ochuluka ndi otithandiza. Ndiwo amasasitsa mkaka, ndiwo amawoletsa zinyalala kuti zikhale manyowa, ndipo m'matumbo mwanumo muli miyandamiyanda imene imakuthandizani kugaya chakudya.

Mafuta osayenga a pansi pa nthaka, amene amatipatsa petulo, dizilo, palafini, oyilo ndi phula la pamsewu, anachokera ku tizomera ndi tizamoyo ta m'madzi timene tinafa zaka mamiliyoni ambiri zapitazo. N'chifukwa chake kwa mabakiteriya ena mafuta ndi chakudya. M'malo ena pansi pa nyanja mafutawa amatuluka okha pang'onopang'ono m'ming'alu ya miyala, ndipo mabakiteriya a kumeneko anawazolowera kalekale. Mtundu wina wotchuka ndi Alcanivorax borkumensis, umene unapezeka pafupi ndi chilumba cha Borkum ku Germany ndipo unalengezedwa m'chaka cha 1998. M'madzi oyera mabakiteriya a mtunduwu amakhala ochepa zedi, koma mafuta akangotayika amaswana mofulumira mpaka kuchuluka kuposa anzawo. Akamadya amagwiritsa ntchito mpweya wa okosijeni, womwewu umene timapuma ife, n'kusandutsa mafuta aja kukhala madzi ndi mpweya wa kaboni dayokisaidi. Gawo lina limamanga matupi awo.

Komatu amadya mosankha ngati mwana pambale. Amayamba ndi zofewa. Mbali yopepuka ya mafuta imatha m'masiku kapena m'milungu yowerengeka, ina n'kuuluka ndi dzuwa. Mbali yolemera, imene muli ziphe zoyambitsa khansa, imatenga miyezi kapena zaka. Chiphulaphula chakuda chija amangochinyambita pamwamba.

Ngozi imene inatsegula anthu maso

Pa 20 April 2010, makina okumbira mafuta otchedwa Deepwater Horizon, amene ankagwira ntchito ya kampani ya BP, anaphulika m'nyanja ya Gulf of Mexico kufupi ndi dziko la America. Anthu 11 anafa. Chitsime chake chinali pansi pa madzi akuya pafupifupi mamita 1,500, ndipo chinalavula mafuta kwa masiku 87 asanathe kuchitseka. Mafuta amene analowa m'nyanja anaposa malita 500 miliyoni. Asodzi analetsedwa kupha nsomba m'dera lalikulu, mabanja ambiri n'kusowa pogwira.

M'mwezi wa August chaka chomwecho, gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Terry Hazen wa ku Lawrence Berkeley National Laboratory linalengeza kuti pansi pa nyanjayo, m'madzi amdima ozizira pafupifupi madigiri 5, mabakiteriya odya mafuta anali ataswana kwambiri ndipo anali pantchito. Palibe amene anawathiramo. Anali eni malo, ozolowera mafuta otuluka okha m'nyanja imeneyo. Anadyadi gawo lalikulu la mpweya woyaka ndi mafuta opepuka. Koma mafuta ena anamira n'kukhazikika pamatope a pansi, ena anakocheza kugombe n'kulowa m'madambo, kumene anakhala zaka.

Mankhwala omwaza mafuta

Pangoziyi anthu sanangokhala kudikira tizilombo. Anathira mankhwala otchedwa Corexit okwana pafupifupi malita 7 miliyoni, ena kuwaza ndi ndege pamwamba pa madzi, ena kupopera pakamwa penipeni pa chitsime. Mankhwala otere pa Chingerezi amawatcha dispersant, ife tingoti omwaza mafuta. Ndi achibale a sopo amene muli naye kukhitchini.

Amayi mukudziwa zimene zimachitika potsuka mphika umene munaphikamo nyama yonona. Madzi okha satheka, mafuta amangotelera. Mukathira sopo, mafuta amachoka pamphika n'kulowa m'madzi, madzi aja n'kuchita mbuu. Mphika wayera, koma mafuta ali m'madzi otsukira amene mukataye kuseri kwa nyumba. Kunyanja kulibe kuseri kokataya.

Nanga akatswiri amathirirenji? Zifukwa ndi ziwiri. Choyamba, amafuna kuti mafuta asafike kugombe kumene angaphe mbalame ndi kuwononga malo oswerana nsomba. Chachiwiri, amafuna kuthandiza mabakiteriya. Anapiye simungawapatse chimanga chathunthu, mumawapatsa misere. Mabakiteriya nawo amadya mafuta kuchokera kunja, pamene mafuta akumana ndi madzi, choncho timadontho tambiri ting'onoting'ono timawapatsa poluma pochuluka kusiyana ndi chibuma chimodzi chachikulu.

Chimodzi mwa zinthu za mu Corexit ife anamwino timachidziwa bwino. Akatswiri a zam'nyanja amachitcha DOSS, kuchipatala timachitcha docusate, mankhwala amene amapatsidwa kwa munthu wodzimbidwa kuti chimbudzi chifewe. M'matumbo ntchito yake ndi yomweyo, kusakaniza madzi ndi mafuta. Musafulumire kunena kuti ndiye kuti n'chabwino. Kambewu kamodzi koyezedwa ndi dokotala n'kosiyana ndi migolo yothiridwa pamene nsomba zikupuma. Kafukufuku wamkulu wa boma la America wotchedwa GuLF Study, amene anatsatira anthu oposa 30,000, anapeza kuti ogwira ntchito amene anakhudzana ndi mankhwala omwaza mafutawa ankadandaula kwambiri za chifuwa, kubanika, kuyabwa kwa khungu ndi kuwawa kwa maso.

Kodi mabakiteriya amadyanso mankhwalawo?

Amadya, koma osati onse nthawi imodzi. Mbali zina za Corexit zimatha msanga. DOSS ndiye wouma mutu, makamaka m'madzi ozizira. M'chaka cha 2011, Elizabeth Kujawinski wa ku Woods Hole Oceanographic Institution ndi anzake analengeza kuti anamupeza m'madzi akuya patatha miyezi iwiri chilekereni kuthira, pamtunda wa makilomita pafupifupi 300 kuchokera pachitsime. M'chaka cha 2014 akatswiri ena anamupeza m'zibuma za mchenga wosakanizika ndi mafuta za kugombe, patatha zaka pafupifupi zinayi.

Kenako m'chaka cha 2015, Sara Kleindienst ndi Samantha Joye a ku University of Georgia anatunga madzi a pansi pa nyanja yomweyo n'kuwayesa m'mabotolo. M'mabotolo a mafuta okha munachuluka mabakiteriya otchedwa Marinobacter, akatswiri pakudya mafuta. M'mabotolo amene munathiridwanso Corexit munachuluka ena otchedwa Colwellia, okonda kudya mankhwalawo, ndipo Marinobacter anachepa. Mafuta sanathe msanga ngati mmene anthu ankayembekezera. Zili ngati kuphika thobwa loitanira aganyu kumunda, thobwalo n'kukopa anthu ongodutsa, aganyu enieni n'kusowa pokhala. Akatswiri ena poyesa m'njira zawo anapeza kuti mankhwalawa amafulumizitsa ntchito ngati timadontho tamwazikana m'madzi ambirimbiri a pakati pa nyanja. Mtsutso ulipo mpaka lero, koma pa mfundo imodzi onse amagwirizana: mankhwalawa sachotsa mafuta, amangowasamutsa kuchoka pamwamba kupita m'kati mwa madzi. N'chifukwa chake maiko ambiri salola kuwathira pamadzi osaya kapena pafupi ndi gombe popanda chilolezo chapadera.

Anthu a ku Britain anaphunzira zimenezi mowawa m'mwezi wa March 1967, pamene sitima ya Torrey Canyon inasweka kufupi ndi Cornwall itanyamula mafuta oposa matani 100,000. Anatsuka magombe ndi sopo wamphamvu wa m'mafakitale. Miyala inaoneka yoyera, koma nkhono ndi zamoyo zina zinafa ndi sopoyo. Magombe otsukidwa kwambiri anatenga zaka zoposa 10 kuti abwerere mwakale, pamene gombe lina limene silinathiridwe sopo linachira m'zaka ziwiri kapena zitatu.

Zinayi zimene antchitowa amafuna

Choyamba ndi mpweya. Popanda okosijeni, monga m'kati mwa matope, ntchito imayenda mwaukamba. Chachiwiri ndi ndiwo. Mafuta kwa iwo ali ngati nsima, koma kuti akule amafunanso nayitrojeni ndi fosifolasi, zomwe zija mumagula m'thumba la feteleza. Chachitatu ndi kutentha, pakuti m'madzi ofunda amadya msanga. Chachinayi ndi muyezo: mafuta akachuluka pamalo amodzi amawakwirira, ndipo mpweya umatha.

Sitima ya Exxon Valdez itagunda mwala ku Alaska pa 24 March 1989 n'kutaya malita pafupifupi 41 miliyoni, akatswiri anathira feteleza wapadera m'magombe ena, ndipo mabakiteriya anafulumiradi. Koma patatha zaka zoposa 20, anthu pokumba pansi pa miyala m'magombe ena ankapezabe mafuta akuda, onunkha ngati atayika dzulo, chifukwa kumeneko mpweya ndi chakudya sizinkafika. Kuno kwathu kuno zoterezi zinachitikaponso: m'mwezi wa April 1992 sitima ya Katina P inavulala kufupi ndi Maputo ku Mozambique itanyamula mafuta oposa matani 60,000, ndipo ena anadetsa magombe amene asodzi amadalira.

Nyanja yopanda khomo lotulukira

Tsopano tibwere kwathu. Chilwa si nyanja yaikulu ya mchere, ngakhale madzi ake ali ndi kamchere. Sitima za mafuta kulibe, zitsime za mafuta kulibe. Koma ili ndi khalidwe limene liyenera kutichenjeza. Likangala, Domasi, Thondwe, Phalombe ndi mitsinje ina imathira m'menemo, koma palibe mtsinje ndi umodzi womwe umene umatulukamo. Madzi amachoka pouluka ndi dzuwa, zonse zimene ananyamula n'kutsala. Ndi nyanja yosaya, malo ambiri sapitirira mamita atatu, ndipo pansi pake ndi matope okhaokha.

Tiyeze ndi zinayi zija. Kutentha kulipo kokwanira. Ndiwo zilipo, pakuti mitsinje imabweretsa zotsalira za feteleza ndi zonyansa zina. Pamwamba pa madzi mphepo imavundula, mpweya n'kulowa. Timafuta topepuka tochepa tingathe msanga ndithu. Vuto lili pansi. Madzi a Chilwa ndi amatope, ndipo timadontho ta mafuta timamatirira ku tinthu ta dothi n'kumira nato limodzi. M'matope ndi m'mizu ya njedza mpweya ndi wochepa. Kumeneko mafuta amakhala nthawi yaitali, ndipo n'kumene mlamba amafunafuna chakudya. Mukathira sopo pa utawaleza uja mumakhala mwathandiza mafuta kutsika kuchoka pamene pali dzuwa ndi mpweya kupita kumene nsomba zimapuma ndi kudya. Sopo yekhanso amapweteka makha a nsomba.

Ofooka kwambiri ndi mazira ndi tiana ta nsomba. Kafukufuku wa ku Alaska ndi ku Gulf of Mexico anaonetsa kuti mafuta ochepa kwambiri, osaoneka n'komwe, amapundula mtima wa kansomba kakadali m'dzira. Nanga matemba amaswera kuti? M'dzinja amakwera m'mitsinje ndi m'madambo, malo omwewo amene ife timatsukirako njinga.

Akuluakulu akukumbukira kuti nyanja ya Chilwa inauma mu 1968 ndi mu 1995, ndipo ngakhale achinyamata munaona mabwato atakhala pamatope ong'ambika mu 2018. Nyanja ikauma, matemba, makumba ndi milamba yotsala imabisala m'maiwe a m'mitsinje ngati Likangala. Madzi akabwerera, nsomba zimenezo ndizo zimadzazanso nyanja. Mtsinje ndiwo nkhokwe ya mbewu. Munthu wanzeru sathira palafini m'nkhokwe ya mbewu.

Musaiwalenso kuti madzi omwewa ndi amene amalowa m'minda ya mpunga ya sikimu ya Likangala, ndi amene amachapira amayi, ndipo asodzi okhala m'zimbowera pakati pa nyanja amamwa ndi kuphikira omwewo.

Mwina wina akuti, "Aaa, amayi, kaoyilo kanga ka njinga imodzi kangafanane ndi ngozi ya ku America?" Sikangafanane. Koma tawerengani njinga zakabaza zimene zachuluka masiku ano, zigayo za dizilo, mapampu othirira mbewu, magalimoto otsukidwa pamlatho, magalaja amene ngalande zake zimatsetserekera kumtsinje. Onjezani ma injini a boti osakaniza petulo ndi oyilo, amene amalavulira m'madzi gawo la mafuta osapsa. Ngozi ya ku America inatsekedwa patatha masiku 87. Yathuyi imadontha tsiku lililonse, ndipo pang'onopang'ono ndi mtolo. Mvula yamphamvu ikagwa, ngati ija ya namondwe wa Freddy mu March 2023, zonse za m'ngalande zimakokolokera kumunsi nthawi imodzi.

Mafuta m'nyumba mwanu

Thupi la munthu lilibe luso la mabakiteriya aja. Oyilo wakuda wotha ntchito, uja mumakhetsa mu injini, ndi woipa kuposa watsopano chifukwa amakhala atatola zitsulo zosungunuka ndi ziphe za utsi. Akamakhudza khungu kawirikawiri amayambitsa zilonda ndi ziwengo, ndipo pakapita zaka angathe kuyambitsa khansa ya pakhungu. Zitsulo zimenezo palibe bakiteriya amene angazidye, zimangokhala m'dothi. Choncho musapake oyilo pa chipere cha mwana, pa mphere, kapena pabala. Kuchipatala kuli mankhwala ake. Musamuthirenso m'chimbudzi pofuna kuthetsa fungo: amasokoneza tizilombo towoletsa za m'dzenje, ndipo kumadera a m'mbali mwa nyanja, kumene madzi a pansi ali pafupi, amatha kuyenda mpaka pachitsime.

Pa zaka zimene ndinagwira ntchito m'wodi ya ana, odwala amene ankandimvetsa chisoni kwambiri anali ana a chaka chimodzi mpaka zitatu amene amwa palafini wosungidwa m'botolo la zakumwa. Nyengo yotentha mwana amamva ludzu, waona botolo pansi pa bedi, wapapira. Masiku ano palafini wachepa m'makomo chifukwa cha matochi ndi sola, koma malo ake alowa petulo wa m'zigubu ndi m'mabotolo, makamaka mafuta akamasowa.

Zikachitika, mverani bwino. Musamusanzitse mwanayo. Musamulowetse chala kukhosi, musamumwetse mkaka, mazira aawisi, mafuta ophikira kapena madzi a mchere. Choopsa chachikulu si m'mimba, ndi m'mapapo. Akasanza, timadontho timalowera kunjira ya mpweya n'kuyambitsa chibayo choopsa. Muvuleni zovala zimene zanyowa ndi mafuta, musambitseni ndi sopo ndi madzi ambiri, mumunyamule mutu uli m'mwamba, n'kuthamangira naye kuchipatala chapafupi mutatenga botolo lija. Pitani ngakhale akuoneka bwino, pakuti kutsokomola, kupuma mofulumira, kutentha thupi ndi kuwodzera zimatha kuyamba patapita maola angapo. Abambo, inunso lekani kukoka petulo ndi pakamwa pogwiritsa ntchito paipi. Mapapo anu si achitsulo.

Nsomba ikamanunkha dizilo kapena palafini musadye, ndipo musagulitse. Kuwamba kapena kukazinga sikuchotsa chiphe. Madzi onunkha mafuta nawo sayera ndi kuwiritsa kapena kuthira kolorini. Njira zimenezo zimapha tizilombo ta matenda, koma mafuta si kachilombo. Katungeni kwina, makamaka ngati m'nyumba muli mayi woyembekezera kapena khanda.

Zoyenera kuchita

Inu amene mwangolowa m'banja, njinga yamoto ija mwina ndiyo ikukudyetsani, ndipo palibe akuti muisiye. Koma gwirizanani awirinu malamulo a pakhomo.

Tsukirani njinga kapena galimoto pamtunda, kutali ndi mtsinje ndi chitsime, pamalo a udzu pamene madzi angalowe m'dothi. Tungani madzi m'ndowa, musalowetse njinga mumtsinje. Dothi la pamwamba lili ndi mpweya ndi mabakiteriya ochuluka kuposa matope a pansi pa madzi.

Posintha oyilo tcherani beseni lakelake, limene silidzalowanso kukhitchini. Thirani oyiloyo m'chigubu chotseka bwino, lembanipo, ndipo funsani kugalaja kapena kumalo omwetsera mafuta ngati amasonkhanitsa. Musamuthire m'ngalande, ndipo musakolezere moto wophikira.

Mafuta akatayikira pansi, musathirepo madzi. Wazanipo mchenga, utuchi kapena mankhusu a mpunga, amene kwa Likangala sasowa, kuti amwe mafutawo. Wolani zonse pamodzi ndi dothi lodetsedwalo, mukaunjike pamalo okwera, mamita osachepera 30 kuchokera pachitsime, pamene ana ndi nkhuku safika. Sakanizani ndi manyowa a khola, muzinyowetsa pang'ono ndi kutembenuza ndi khasu mlungu uliwonse. Mukatero mwawapatsa antchito aja mpweya ndi ndiwo. Pamalopo musabzalepo masamba.

Akatayikira pamadzi, sopo ayi. Feteleza ayinso, chifukwa m'nyanja yathu amangomeretsa ndere zimene zikamawola zimamaliza mpweya, nsomba n'kufa. Chofunika ndi kuwatchinga ndi kuwayengula akadali pamwamba. Anzathu a pachilumba cha Mauritius anatiphunzitsa mu 2020, sitima ya Wakashio itataya mafuta pafupifupi matani 1,000 kugombe kwawo. Anthu wamba anasoka matumba ataliatali n'kuikamo masamba ouma a nzimbe, ena mpaka anameta tsitsi lawo n'kuikamo, n'kuwayandamitsa kuti atchinge ndi kumwa mafuta. Ife tili ndi mapesi a mpunga, udzu wouma ndi matumba akutha. Mukatha, zitulutseni m'madzi mutavala mapepala apulasitiki m'manja.

Eni maboti a pa Kachulu ndi madoko ena, thirani petulo pogwiritsa ntchito fanulo, boti litakocheza, ndipo konzani injini ikayamba kudontha. Petulo wodontherayo ndi ndalama zanu zomwe.

Mukaona mafuta ambiri mumtsinje, kapena nsomba zikuyandama zakufa, dziwitsani amfumu, komiti ya padoko, alangizi a zaumoyo ndi ofesi ya za usodzi. Kukhonsolo ya boma kuli mkulu woona za chilengedwe, ndipo dziko lino lili ndi bungwe la Malawi Environment Protection Authority, limene linakhazikitsidwa potsatira lamulo la zachilengedwe la 2017. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Za mawa

Nkhani ya mafuta a pansi pa nthaka si yachilendo m'dziko muno. Mu 2011 boma linapereka chilolezo kwa kampani ya ku Britain ya Surestream Petroleum kuti ifufuze mafuta m'chigawo cha kumpoto cha nyanja ya Malawi, ndipo makampani ena analandira zilolezo za madera ena pambuyo pake. Mpaka lero palibe chitsime chimene chikutulutsa mafuta m'nyanjayo, koma nkhaniyi imabwerabwera. Ikadzabweranso, ana anu ndi amene adzakhale ndi zotsatira zake, choncho dziwiranitu mafunso oyenera kufunsa. Nyanja ya Malawi ili ndi khomo limodzi lokha, mtsinje wa Shire, ndipo madzi ake amatenga zaka mazanamazana kuti asinthike. Kupitirira mamita pafupifupi 250 kupita pansi kulibe okosijeni. Mankhwala ambiri omwaza mafuta anapangidwira madzi a mchere, ndipo m'madzi opanda mchere sagwira bwino ntchito. Munthu akadzakuuzani pamsonkhano kuti musade nkhawa, tizilombo tidzadya, mudzamufunse kuti tidzadya kwa zaka zingati, tidzapuma mpweya uti, ndipo pa nthawi yonseyo ana adzamwa madzi ati. Chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe.

Pakadali pano yambani ndi zimene zili m'manja mwanu. Lero lomwe, musanagone, yang'anani pansi pa bedi ndi kuseri kwa chitseko. Botolo lililonse la petulo, palafini kapena oyilo lichoke m'chipinda chogona, litsekedwe bwino, likwezedwe pamene mwana sangafike ngakhale atakwera pampando, komanso kutali ndi mbaula. Mwana wamkulu muuzeni chifukwa chake, ndipo akadzaona utawaleza pamadzi azidziwa kuti pamenepo sasamba, satunga, ndipo sathirapo sopo.